Kaliwiro ndi Chipewa Chofiira

Uyu ndi Kaliwiro. Dzinali anamupatsa ndi anthu a mumsewu wa kwawo. Anamupatsa chifukwa sadziwa kuyenda pang'onopang'ono. Akamutuma kusitolo, amathamanga. Akamuitana kudzadya, amathamanga. Ngakhale popita kukasamba, amathamanga.

Kaliwiro ankalakalaka chinthu chimodzi. Ankafuna kuponda m'nyanja yamchere. Anali asanaionepo. Ankangoiona pa chithunzi cha m'kalasi mwawo.

"Tsiku lina ndidzaviika mapazi anga m'menemo," ankatero.

Amayi ake ndi bambo ake anali m'gulu la oyenda pansi. Loweruka lililonse gululo linkakumana pa mlatho. Munali aphunzitsi. Munali ogulitsa mumsika. Munalinso okalamba opuma pantchito. Ankayenda kuti miyendo ilimbe. Ankayendanso kuti acheze.

Gululo linali ndi lamulo lake. Amayi ake a Kaliwiro ankayenda patsogolo. Iwo ankanyamula wenzulo. Bambo ake ankayenda pambuyo pa onse. Iwo ankavala chipewa chofiira.

Chipewa chofiira chili ndi ntchito yake. Wochivala sapitirira munthu aliyense. Wina akaima, iye amaima. Wina akakhala pansi, iye amadikira. Anthu akaona chipewacho, amadziwa kuti onse afika.

"Chipewa chofiira sichisiya munthu," bambo ankatero. "Chimafika pomaliza."

Tsiku lina amayi anabwera ndi uthenga wabwino.

"Loweruka lino sitikumana pa mlatho," anatero. "Gulu lapeza basi yaikulu. Tikupita kutauni ya m'mbali mwa nyanja."

Kaliwiro analumpha. "Inenso, amayi? Inenso?"

"Iwenso, mwana wanga. Koma ndili ndi nkhawa. Ukakathamanga kumeneko, ukasochera."

Bambo anaganiza kwa kanthawi. Kenako anatenga chipewa chofiira pa msomali. Anachiika pamutu pa Kaliwiro. Chipewacho chinali chachikulu. Chinatsika mpaka m'makutu.

"Loweruka chipewa ndi chako," anatero bambo. "Ine ndidzayenda pambali pako. Kodi ukwanitsa?"

Kaliwiro anagwira chipewacho. Kufika pomaliza! Iye anali asanafikepo pomaliza.

"Ndikwanitsa, bambo," anatero.

Loweruka linafika. Bambo anavala nsapato zawo zakale. Nsapato ya kumanja inali yong'ambika kutsogolo. Amayi anapukusa mutu.

"Bambo a Kaliwiro, mupita nazo pagulu zimenezo?"

"Zimandidziwa," anayankha bambo. "Nanenso ndimazidziwa."

Basi inali itaima pafupi ndi msika. Anthu ankakwera akucheza. Kenako kunatulukira Atelala. Atelala ndi bambo wokalamba. Amasoka zovala pakhonde la sitolo. Yunifolomu ya Kaliwiro anasoka ndi iwo.

Tsikuli Atelala anavala nsapato zatsopano. Zinali zakuda. Zinali zonyezimira ngati galasi.

"Ndazitulutsa m'katoni lero lomwe," anatero monyadira.

Amayi anagwira pakamwa. "Agogo! Nsapato zatsopano pa ulendo wapansi? Zikupwetekani."

"Kunyanja si pa mlatho pathu paja, mwana wanga," anatero Atelala. "Malo aulemu amafuna munthu wotchena."

Kenako analoza mapazi a bambo. "Taonani za amuna anuwa. Zikuseka! Kukamwa kuli yasa!"

Anthu onse anaseka. Bambo nawonso anaseka.

Basi inanyamuka. Inadutsa nyumba. Inadutsa minda. Inadutsa mitsinje ndi mapiri. Kaliwiro anakhala pawindo.

"Amayi, tafika?"

"Sitinafike."

Anthu anagawana malalanje. Ena anaimba. Ena anaodzera.

"Bambo, tafika?"

"Sitinafike."

Atelala anapinda miyendo yawo pansi pa mpando. Ankaopa kuti wina angawaponde nsapato.

Potsiriza basi inaima pamwamba pa chitunda. Adalaivala anatembenuka.

"Tsikirani pano," anatero. "Mukandipeza kumunsi, pafupi ndi mchenga. Dzuwa likapendeka, tibwerera. Kwathu ndi kutali."

Anthu anatsika. Amayi anayang'ananso nsapato za Atelala.

"Agogo, bwanji mutsetsereke ndi basi?"

"Ine?" anatero Atelala. "Ndabwera kudzayenda. Sindinabwere kudzanyamulidwa ngati thumba."

Kaliwiro anaima chonyang'ama. Anayang'ana uku ndi uku. Nyanja sinkaoneka. Nyumba zazitali zinali zitaitchinga. Koma mphepo inkanunkhira mchere. Mbalame zoyera zinkalira m'mwamba.

Amayi analiza wenzulo. Pyeee! Gulu linayamba kuyenda.

Miyendo ya Kaliwiro inkayabwa. Inkafuna kuthamanga. Koma iye anagwira chipewa chake. Anadikira. Aphunzitsi anadutsa. Ogulitsa mumsika anadutsa. Atelala anadutsa. Pamenepo Kaliwiro anayamba kuyenda.

Woyenda patsogolo amaona njira. Woyenda pambuyo amaona zidendene. Kaliwiro anaona zidendene zambiri. Zina zinali zafumbi. Zina zinali ndi masokosi obooka. Anaonanso nsapato zonyezimira za Atelala.

Poyamba zinkalira bwino. Go! Go! Go! Go! Kenako kulirako kunasintha. Go! Khwee. Go! Khwee. Phazi la kumanja linkakhwekhwereza pansi.

Kaliwiro anakoka dzanja la bambo. "Bambo, taonani. Agogo akutsimphina."

"Waona bwino," ananong'ona bambo. "Ntchito ya chipewa ndi imeneyo."

"Agogo, kodi phazi likupweteka?" anafunsa Kaliwiro.

"Ayi!" anatero Atelala. "Ndikungoyenda mwaulemu."

Anafika pa sitolo ya nsalu. Atelala anaima.

"Ndikuona nsalu," anatero.

Kaliwiro anaima.

Anafika pa nyumba yometera tsitsi. Atelala anaima.

"Ndikuona mipando," anatero.

Kaliwiro anaima.

Anafika pa khoma lopanda kanthu. Atelala anaimanso.

"Pano mukuona chiyani, agogo?"

"Njerwa," anatero Atelala. Thukuta linali kamukamu pamphumi pawo.

Gulu linapita patali. Anthu ankaoneka ang'onoang'ono. Kenako anakhota pa ngodya. Wenzulo wa amayi unamveka chapansipansi. Pyee. Kenako sunamvekenso.

Pansi pa mtengo panali benchi. Atelala anakhala pamenepo. Anamasula zingwe za nsapato ya kumanja. Anaivula pang'onopang'ono. Chala chachikulu chinali chitatupa. Pamwamba pake panali thuza lalikulu.

"Pepani, agogo," anatero Kaliwiro.

Atelala anawerama. "Amayi ako ananena zoona," anatero. "Pitani. Ndisiyeni pano. Mwanayu akaone nyanja."

Bambo anatembenuka. Anayang'ana Kaliwiro.

Kaliwiro anatchera khutu. Kumunsi kunkamveka mkokomo. Waaa. Waaa. Anali mafunde. Miyendo yake inayabwa.

Koma anakhala pa benchi.

"Chipewa chofiira sichisiya munthu," anatero.

Mwadzidzidzi kunabwera mphepo yamphamvu. Inagwedeza mtengo. Inaulutsa masamba. Inakwatula chipewa pamutu pa Kaliwiro!

Chipewa chinagwera mumsewu. Chinayamba kugubuduka ngati gudumu. Msewuwo unali wotsetsereka. Unali wa anthu oyenda pansi okhaokha. Munalibe magalimoto.

"Bambo! Chipewa!"

"Thamanga, Kaliwiro!" anafuula bambo. "Ndikukuona. Thamanga!"

Kaliwiro anathamanga. Ha, anathamanga! Anapitirira mayi wosenza dengu la nsomba. Anapitirira galu wogona padzuwa. Anapitirira wogulitsa ayisikilimu. Chipewa chinali patsogolo. Kaliwiro anali pambuyo. Chipewa chinalumpha. Kaliwiro analumpha.

Kumapeto kwa msewu kunali bwato lovundikira. Chipewa chinagunda bwatolo. Kaliwiro anachigwira. Gwii!

Anapuma mwawefuwefu. Kenako anadzutsa mutu.

Nyanja!

Inali yaikulu kuposa ya pa chithunzi. Inalibe tsidya lina. Inkanyezimira padzuwa. Mafunde ankabwera ndi thovu loyera. Ankagwa pa mchenga. Ankabwerera. Ankabweranso.

Anthu a m'gulu anali m'madzi. Anali atapinda mathalauza. Ankawazana madzi ngati ana.

Phazi la Kaliwiro linasuntha lokha. Linaponda mchenga. Mchengawo unali wofunda. Madzi anali pafupi. Anali pafupi kwambiri.

Pamenepo anaona amayi ake. Iwo sanali m'madzi. Anali ataima pa mchenga chapatali. Dzanja lawo linali pamphumi. Ankafunafuna chipewa chofiira.

Kaliwiro anayang'ana chipewa m'manja mwake.

"Amayi akachiona, aziti onse afika," anaganiza. "Koma onse sanafike. Chipewa chikhala kuti chanama."

Msangamsanga anachibisa m'kati mwa juzi yake. Anachotsa phazi pa mchenga. Anafulatira nyanja.

Chitunda chinali chachitali. Mafunde ankaitana kumbuyo kwake. Waaa. Waaa. Misozi inalengeza m'maso mwake. Koma sanacheuke. Anakwera. Anapitirira wogulitsa ayisikilimu. Anapitirira galu wogona uja. Anakwera, nakwerabe.

Anafika pa benchi. Anatulutsa chipewa. Anachivala.

"Waiona nyanja?" anafunsa Atelala.

"Ndaiona, agogo."

"Wapondamo?"

"Ayi."

"Nanga wabwereranji?"

"Ndabwerera inu," anatero Kaliwiro.

Atelala anayang'ana kumbali. Anatulutsa kansalu m'thumba. Anapukuta m'maso.

"Mphepo ya kuno ili ndi mchenga," anatero.

Kenako anaimirira. "Tiyeni. Ndiyenda wopanda nsapato."

Anaponda pansi. Miyala ya mumsewu inali yotentha. Inalinso yakuthwa.

"Mayo!" Anakhalanso pa benchi.

"Ndikuberekeni, agogo?" anafunsa bambo.

"Iwe! Ndine khanda ine? Anthu azinena chiyani?"

Mthunzi wa mtengo unali utasuntha. Dzuwa linali litayamba kupendeka. Kaliwiro analuma mlomo. Sanafune kugonja.

Tsiku lonse anakhala akuona mapazi. Tsopano anayang'ananso mapazi. Anaona chala chotupa cha Atelala. Chinali cha kumanja. Anaona nsapato yong'ambika ya bambo. Inali ya kumanja. Anayang'ana chala. Anayang'ana nsapato. Anayang'ananso chala.

"Bambo, vulani nsapato zanu!"

"Ndivule?"

"Musinthane ndi agogo. Zanu ndi zofewa. Ndipo chala chawo chikhala pobookapo. Sichikhudza kanthu."

Atelala anatong'ola maso. "Ine? Ndivale nsapato zoseka zija?"

"Zimaseka, agogo," anatero Kaliwiro. "Koma siziluma."

Bambo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Atelala anayesa kukwinya nkhope. Analephera. Nawonso anaseka.

Bambo anavula nsapato zawo. Kaliwiro anagwada pansi. Anathandiza Atelala kuvala. Anamanga zingwe mosamala. Chala chotupa chinasuzumira panja ngati mutu wa kamba.

Atelala anaimirira. Anaponda ndi phazi la kumanzere. Anaponda ndi la kumanja.

"Aaa!" anatero. "Kukhala ngati ndaponda pa thonje."

Bambo anavala nsapato zatsopano. Mapazi awo ndi owonda. Zinawakwana.

Ulendo unayambanso. Atelala anali patsogolo. Phwa! Phwa! Bambo anali pakati. Go! Go! Kaliwiro anali pambuyo. Dzanja lake linali pa chipewa.

Sanathamange. Atelala akaima, iye ankaima. Atelala akayenda, iye ankayenda. Galu uja anadzutsa mutu. Anawayang'ana. Anagonanso.

Anafika pa bwato lovundikira. Basi inali pomwepo. Injini inali ikulira kale. Anthu anali atatuluka m'madzi. Ankasasa mchenga ku mapazi. Ena anali atakhala kale m'mipando.

Amayi anaona chipewa chofiira. Analiza wenzulo. Pyeee!

"Onse afika!" anafuula.

Anthu anaomba m'manja. Aphunzitsi analoza mapazi a Atelala.

"Agogo, kutchena kuja kwathera pati?"

"Fasho ya kunyanja ndi imeneyi," anatero Atelala. "Inu simungaidziwe."

Adalaivala analiza hutala. Piii! "Kwerani, kwerani! Dzuwa lapendeka. Tachedwa kale."

Kaliwiro anayang'ana nyanja. Inali pomwepo. Mafunde ankabwera. Mafunde ankabwerera. Koma iye anatembenuka. Anaima pambali pa chitseko cha basi. Chipewa chofiira chimakwera pomaliza.

Aphunzitsi anakwera. Ogulitsa mumsika anakwera. Atelala anaika phazi pa chitseko. Anayang'ana Kaliwiro. Anayang'ana nyanja. Kenako anatsitsa phazi lija.

"Adalaivala," anatero, "chala changachi chikufuna madzi ozizira."

Anatembenuka. Anayamba kuyenda pa mchenga. Phwa! Phwa!

"Agogo!" anaitana adalaivala. "Basi ili kuno! Uko ndi kunyanja!"

Atelala sanaime. Anangocheuka pang'ono.

"Iwe wa chipewa," anatero. "Lamulo lija limati chiyani?"

Maso a Kaliwiro anawala. "Chipewa chofiira sichisiya munthu!"

"Nanga ukudikira chiyani? Nditsate!"

Kaliwiro anayang'ana amayi. Amayi ankamwetulira.

"Adalaivala, zimitsani injini," anatero amayi. "Basi siinyamuka chipewa chisanakwere. Lamulo lathu ndi limenelo."

Adalaivala anakanda m'mutu. Anazimitsa injini.

"Chabwino," anatero. "Nanenso mapazi anga atentha."

Kaliwiro anavula nsapato zake. Mchenga unalowa pakati pa zala zake. Miyendo inayabwa kwambiri. Koma sanawapitirire Atelala. Anayenda pambuyo pawo. Anaponda m'mene iwo aponda.

Atelala anavula nsapato zoseka zija. Anaziika pouma. Anapinda thalauza. Analowa m'madzi.

"Ndafika," anatero. "Tsopano iwe."

Kaliwiro anapita kutsogolo. Funde linabwera. Linali ndi thovu loyera. Linakwera pa zala zake. Linakwera mpaka m'akakolo.

"Ndi ozizira!" anakuwa. "Amayi! Bambo! Ndi ozizira!"

Funde linabwerera. Linakoka mchenga pansi pa mapazi ake. Kaliwiro anaseka. Anaviika chala m'madzi. Analawa.

"Mulidi mchere! Ndani anathira wonsewu?"

"Wophika wake analibe supuni," anatero Atelala. "Anangokhuthula thumba lonse."

Amayi anabwera. Anagwira dzanja lake la kumanzere. Bambo anabwera. Anagwira dzanja lake la kumanja. Funde lalikulu linabwera. Amayi ndi bambo anamunyamula m'mwamba. Funde linadutsa pansi pake.

"Kenanso!" anatero Kaliwiro. "Kenanso!"

Ndipo anamunyamula kenanso.

Pambuyo pake onse anabwerera ku basi. Adalaivala anakwera, mapazi ali chinyowere. Amayi anakwera. Bambo anakwera. Atelala anakwera. Kaliwiro anayang'ana pa mchenga. Anayang'ana mumsewu. Panalibe wotsala. Pamenepo anakwera.

Basi inanyamuka. Atelala anapisa dzanja m'thumba la jekete. Anatulutsa singano, ulusi ndi kachingwe. Telala sayenda wopanda zimenezi.

"Bweretsa chipewacho," anatero.

Anasokerera kachingwe uku ndi uku. Anadula ulusi ndi mano. Anamuveka Kaliwiro chipewa. Anamanga kachingwe pansi pa chibwano chake.

"Mphepo iyesenso tione," anatero.

"Zikomo, agogo."

Bambo anasuzumira pansi pa mpando. "Agogo, nanga nsapato zanga?"

"Ziti? Zosekazi?" anatero Atelala. "Tazolowerana. Mudzazitenge mawa."

Anthu a m'basi anaseka.

Kaliwiro anakhala pakati pa amayi ndi bambo. Pakati pa zala zake panali mchenga. Pa milomo yake panali mchere. Anatsamira phewa la amayi.

"Bambo," anatero, "Loweruka likudzali chipewa avala ndani?"

"Ukuganiza kuti ndani?" anafunsa bambo.

Kaliwiro anagwira kachingwe ka pachibwano. Anamwetulira. Maso ake anatsekeka pang'onopang'ono.

Tsiku limenelo Kaliwiro anafika pomaliza. Koma anafika. Ndipo sanafike yekha.